Ndinachepetsa ululu wa mkazi wanga pamaso pa dotolo

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 46. Ndimakhala ku Moatize, komwe ndimalondera pageti pabwalo lina losungirapo malasha. Mkazi wanga Arminda wakhala akumva ululu wa msana kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Miyezi itatu yapitayo anamanga zovala zake n'kupita kwa achimwene ake ku Zóbuè, ndipo mpaka lero sanabwere. Sindinam'menye, ndiponso palibe nkhani ya mkazi wina. Chimene chinam'chotsa pakhomo ndi zomwe ndinanena kuchipatala tsiku lina mu 1993. Nkhaniyi sindinaifotokozepo yonse kwa munthu aliyense, choncho mundilole ndiyambire poyambira.

Kwathu tonse awiri ndi ku Zóbuè, kumtunda kumene amalima mbatata ndi kabichi. Nkhondo itavuta mu 1986 tinathawira ku Malawi, ndipo tinakhala m'kampu cha ku Mwanza mpaka mtendere utabwera. Ine ndili mwana ndinaphunzirako kumishoni mpaka kalasi yachinayi, motero Chipwitikizi ndimachiyankhula. Arminda kusukulu sanapondeko. Amadziwa Chinyanja chathuchi, ndi Chinyungwe chongogulira tomato pamsika.

Pobwerera kuno mu Novembala 1993 sitinakhalitse kumudzi, chifukwa munthu wina anandilonjeza ntchito yokweza malasha ku Moatize. Tinakwera lole yodzaza anthu, malata ndi matumba a chimanga. Titatsika phiri la ku Zóbuè, pamalo ena pokhota, tayala lakutsogolo linaphulika ndipo lole inapendekeka n'kugwera m'ngalande. Palibe anamwalira. Ine ndi Arminda tinali titakhala pathumba limodzi. Iye anali ndi mwana wathu Délcia pamiyendo, ndiye anamuweramira kuti asaphwanyidwe. Matumba anatigwera tonse awiri kumsana, koma ochuluka anagwera iye.

M'mawa mwake tinapita kuchipatala china chaching'ono. Dotolo wake anali mnyamata wochokera kummwera kwa dziko, sankamva Chinyanja kapena Chinyungwe. Ndinayamba kulowa ine. Nditamuuza za lole ija, anandigoneka pabedi, anandidinikiza msana fupa ndi fupa, anandiuza kuti ndikweze mwendo uwu kenako uwo. Pomaliza anandilembera giya, kalata ija yotumizira munthu kuchipatala chachikulu, kuti akandijambule mafupa ku Tete.

Kenako analowa Arminda. Dotolo sanamugoneke pabedi. Anamulozera mpando, n'kuyang'ana ine, n'kufunsa kuti mayiwa chawavuta n'chiyani. Arminda anayankhula nthawi yaitali. Anati m'chiuno muli ngati mwalowa chitsulo chamoto. Anati ululuwo ukutsika ndi mwendo wakumanzere mpaka kuchala chachikulu. Anati ntchafu zachita dzanzi mpaka kumalo obisika, ndipo pokodza sakudzimva bwino. Atamaliza, dotolo anandiyang'ana kuti ndimasulire. Ine ndinati, "Dói um pouco," ndiye kuti kukupweteka pang'ono. Dotolo anafunsa ngati ali kumwezi. Ndinavomera osamufunsa n'komwe mwini wake. Zoti nayenso anali m'lole ija sindinanene, ndipo dotoloyo sanafunse. Analemba pakartawu kake, kakhadi kakuchipatala, n'kumupatsa timapiritsi toyera ta masiku atatu.

Mwina mukufunsa kuti ndinachitiranji zimenezi. Inenso ndakhala ndikudzifunsa. Choyamba ndinachita manyazi kutchula za kumalo obisika a mkazi wanga kwa mwamuna mnzanga, mwana wamng'ono kwa ine. Komanso ndinali ndi mantha. Tinali titangofika, tikugona m'kanyumba kobwereka, ana awiri ali aang'ono. Ndinaganiza kuti tikatumizidwa tonse ku Tete, n'kutigoneka konko, ana atsala ndi yani, nanga ine adzandiphikire ndani? Chachitatu ndi chomwe chimandichititsa manyazi kwambiri. Mumtima ndinkati ululu wa mkazi upola wokha. Ndinamuona Arminda akuchira ana m'kampu popanda kulira, tsiku lachitatu ali kale pamzere wolandirira ufa. Ndinkati munthu ameneyu ndi wolimba, sangagonje ndi thumba la chimanga.

Ku Tete anandipeza ndi fupa limodzi long'aluka. Anandipatsa lamba womanga m'chiuno, jakisoni, ndi kalata yoti ndisanyamule zolemera. Akuntchito ataiona kalatayo sanandipatse fosholo, anandiika pageti, pomwe ndili mpaka lero. Miyezi itatu ndinagona pamphasa. Anthu akutchalitchi ndi anansi ankabwera kudzandizonda, ndipo amene ankawayalira mphasa ndi kuwaphikira anali Arminda, dzanja limodzi litagwira khoma. Palibe mlendo ndi mmodzi yemwe amene anam'funsa kuti nanga inu mayi mwadzuka bwanji. Msana wanga unapola. Umangondikumbutsa nyengo yozizira.

Wake sunapole. Ankatunga madzi, kusinja, kulima kamunda kathu kutsidya kwa njanji, koma akaweramira mtondo ankatenga nthawi kuti awongoke. Masiku ena ankakwawa kuchoka pamphasa kukafika pakhomo, akafika pamenepo n'kudzuka bwinobwino kuti anansi asaone. Kuchipatala tinabwererako kambirimbiri, sindingawerenge. Nthawi zonse ndinkapita naye, ndipo woyankhula ndinali ine, ngakhale pamene dotolo wake anali wodziwa Chinyungwe. Aliyense ankangowerenga zomwe mnzake woyamba uja analemba, n'kuwonjezera mzere wake pansi. Wina analemba kuti ndi maganizo. Wina anandiuza moseka kuti ndimupatse mwana wina, zonsezi zitha. Winanso anati amayi obwera kuchokera ku Malawi anazolowera kulandira zinthu pamzere, ndiye amafuna azilandira mapiritsi ngakhale asakudwala. Aphungu, onsewa ndinkaseka nawo. Arminda ankandiyang'ana, ndipo potuluka ankafunsa kuti amati chiyani. Ine ndinkati akuti mupeza bwino.

M'kupita kwa nthawi ndinayamba kukhulupirira bodza langa lomwe. Achemwali anga a Gina, omwe amakhala nafe pafupi, ankati mlamu wawoyo ndi waulesi, munthu wodwala zoona amaonekera. Sindinawatsutse. Kutchalitchi Arminda analeka kugwada, amayi anzake n'kumanong'onezana kuti amadzimva. Ndinapita naye kwa asing'anga awiri, anam'tema mphini msana wonse, osathandiza. Akandikana kuchipinda ndinkamunena kuti ali ndi mwamuna wina. Tsiku lina ndinamuuza kuti, "Tinagwa m'lole imodzi, ine ndinachira, inu mukudikira chiyani?" Kuyambira pamenepo analeka kudandaula. Anayamba kugula mapiritsi pamsika, aja ogulitsa pamodzi ndi machesi, n'kumamwa anayi kapena asanu pa tsiku. Ine poona kuti sakudandaulanso ndinati basi wachira.

Mu Ogasiti chaka chino, akuchokera kumjigo ndi ndowa pamutu, mwendo wakumanzere unangofooka, n'kugwa. Ine ndinali kuntchito. Mayi wina woyandikana nafe anapempha mwamuna wake kuti am'tengere panjinga kuchipatala. Kumeneko anapeza namwino watsopano, Dona Elvira, wa ku Angónia, yemwe Chinyanja ndi chiyankhulo chake. Kanali koyamba kuti Arminda afotokoze matenda ake kwa wachipatala ndi pakamwa pake. Dona Elvira anamvetsera mpaka kumapeto, anamugoneka pabedi, anamubaya ndi kasingano kuphazi, Arminda osamva kanthu. Kenako anatenga kartawu kaja n'kuwerenga kuyambira pamwamba. Akuti anawerenga kawiri. Ndiye anati, "Mayi, apa za lole sizinalembedwe. Palembedwa kuti mumamva kupweteka pang'ono mukakhala kumwezi." Anamulembera giya, n'kumuuza kuti apite ku Tete asachedwe.

Nditaweruka masana ndinam'peza atakhala pakhonde, kartawu kali pamiyendo. Chakudya changa chinali chovundikira bwinobwino monga mwa masiku onse. Anadikira ndidye, ndisambe m'manja. Kenako anati, "Bambo a Délcia, tsiku lija ine ndinayankhula mpaka kukhosi kuuma. Inu munanena mawu angati?" Ndinati mwina dotoloyo ndiye sanamve bwino. Iye anati, "Ndinawawerenga ine. Anali atatu. Zaka zonsezi ndimayesa kuti Chipwitikizi n'chachifupi." Sanalire, sanatukwane. M'mawa mwake anakwera chapa, minibasi ya ku Zóbuè.

Ndapitako kawiri. Ali kwa alamu anga a Policarpo. Waonda, akuyendera ndodo, ndipo akudandaulanso m'mimba. Akazi awo a Policarpo anandikokera pambali n'kundiuza kuti masiku ena mkodzo umangotuluka wokha iye osadziwa, moti analeka kupita kutchalitchi ndi kumaliro. Giya ija anaimanga pamfundo ya kapulana, chitenje chake, ku Tete sanapite. Ulendo woyamba anakana kutuluka m'nyumba. Ulendo wachiwiri anatuluka, ndinamupatsa sopo ndi shuga, ndinati tiiwale zakale, tiyeni ndikuperekezeni ku Tete. Anati ndi ine sapita. A Policarpo anati apita naye iwo, ngakhale Chipwitikizi sachidziwa, akapempha mwamuna aliyense pamzere kuti amasulire. Arminda anati, "Sindilowanso m'chipinda momwe amuna awiri akukambirana za thupi langa, ine ndili duu ngati mbuzi pamsika."

Panopa a Policarpo akuti ndibwere ndi ankhoswe. A Gina akuti mkaziyu akundichititsa manyazi, ndim'siye ndipeze wina wamphamvu zake. Ana ali ndi ine ndipo akufunsa za amayi awo tsiku lililonse. M'banja lonse wodziwa Chipwitikizi ndine ndekha, ndipo ndine yemweyo amene Arminda sakufuna kumuona. Ndichite chiyani kuti avomere kupita nane kuchipatala? Kodi ndikapita ndi ankhoswe angamulamule kuti abwerere kunyumba? Ndipo mundiuze zoona, aphungu, kodi mwendo umenewu ungachirenso, kapena ndinachedwetsa?

B.F., Moatize

Bambo B.F.,

Ndiyamba ndi chimene sichingadikire. Mwendo wofooka, dzanzi la kumalo obisika ndi mkodzo wotuluka wokha mwa munthu amene anavulala msana si zinthu zodikira nazo ankhoswe, kapena kutha kwa mwezi, kapena kuti mitima iyambe yazizira. Zimenezi nthawi zambiri zimasonyeza kuti mitsempha ya mumsana yapanikizika. Ine si dotolo ndipo sindingayeze munthu kudzera m'kalata, koma namwino amene anamuyeza ananena kale kuti asachedwe, ndipo papita miyezi itatu. Akazi anu ayenera kufika ku Tete sabata ino.

Tsono funso lanu mwalifunsa mokhota. Mukuti muchite chiyani kuti avomere kupita nanu. Chofunika ndi choti afike, osati choti afike ndi inu. Ntchito yomasulira munaipatsidwa ndipo munaiwononga, ndiye itayeni. A Arminda sanakane chipatala. Giya sanaitaye, anaimanga pamfundo, ndipo munthu samanga pamfundo chinthu chomwe alibe nacho ntchito. Chomwe akana ndi kuyankhuliridwa, ndipo akunena zoona. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mukuti wodziwa Chipwitikizi ndinu nokha m'banja. Kunja kwa banja kuli anthu. Ku Zóbuè kuli aphunzitsi aakazi, kuli masisitere, kuli amayi ochita malonda pamalire amene amayankhula ziyankhulo zonse ziwiri bwino kuposa inu. Pemphani akazi awo a Policarpo akhale pansi ndi a Arminda, ndipo a Armindawo atchule okha mayi amene akumukhulupirira. Musawasankhire. Pitaninso kwa Dona Elvira, muwauze kuti giya ija sinagwirebe ntchito. Mwina ifunika kulembedwanso popeza yakhalitsa, ndipo iwo angadziwe namwino wa ku Tete womva Chinyanja amene mungakamufunse podzafika. Ulendo usanachitike, mayi wosankhidwayo alembe papepala zonse zomwe a Arminda akumva: pomwe ululu umayambira, komwe umatsikira, chomwe chimauutsa, ntchito zomwe analeka kugwira, za mkodzo, za m'mimba. Akalemba awawerengere m'Chinyanja, eni ake avomereze kuti ndi momwemo. M'chipinda cha dotolo munthu amachita mantha n'kuiwala, koma pepala likhala m'manja.

Gawo lanu paulendowu ndi kulipira chapa, kunyamula chikwama ndi kukhala panja pabenchi. Ngati sakufuna mukwere galimoto imodzi, kwerani ina. Pali chinthu chimodzi chokha chimene mungachite m'chipinda muja, ndipo mulowe pokhapokha iwo atalola. Mutenge mapepala anu a 1993, muwaike patebulo, muuze dotolo kuti mayiwa anali m'lole yomweyo, matumba ochuluka anagwera iwo, ndipo zomwe zili pamwamba pa kartawu kawo zinachokera pa bodza lanu. Munene m'Chipwitikizi, mubwereze m'Chinyanja kuti akazi anu amve, kenako mutuluke. Akakana kuti mulowe, lembani zomwezo papepala, musainire, mupatse mayi wowaperekeza uja. Mzere woyamba uja ukapanda kukonzedwa, dotolo wa ku Tete nayenso adzayambira pomwepo.

Mapiritsi a pamsika aja aleke, ndipo otsala apite nawo akawaonetse dotolo. Ena mwa mapiritsi opha ululu, munthu akamamwa ambiri kwa nthawi yaitali, amatha kuyambitsa zilonda m'mimba ndi kuwononga impso. Kudandaula m'mimba komwe mwatchulako sindikukutenga mopepuka. Akasanza magazi kapena chimbudzi chikada bii, musadikire za ku Tete, thamangirani kuchipatala chomwe chili pafupi.

Tsopano za inu. Ndawerenga kalata yanu mosamala, ndipo ndaona kuti kwa ine mwaulula zonse, mpaka zija za kuseka ndi madotolo. Pamafunika mtima kuti munthu alembe zotere, ndipo sindikukunyozani. Koma kwa akazi anu simunaulule kanthu. Pakhonde paja munakankhira dotolo. Ku Zóbuè munapita ndi sopo ndi shuga n'kunena kuti tiiwale zakale. Aiwale bwanji zinthu zomwe akuyenda nazo ndi ndodo? Kwa inu ndi zakale chifukwa msana wanu unapola. Kwa iwo ndi za m'mawa uliwonse akamadzuka pamphasa. Mawu amene simunanene ndi akuti ndinanama, ndinkadziwa kuti ndikunama, ndipo ndinapitiriza zaka zisanu ndi ziwiri. Mukawauze amenewo, osawonjezera zifukwa. Za manyazi ndi za ana aang'ono zija mudzafotokoze akadzakufunsani.

Ankhoswe pitani nawo, koma osati kukalamula munthu. Mukawatenga kuti akakamize a Arminda kubwerera, mudzakhala mwasonkhanitsanso amuna kuti akambirane za iwo eni ake ali chete, chinthu chomwe akuuzani kale kuti sachifunanso. Ankhoswe akakhale mboni pamene inu mukupepesa, ndipo zimenezi zichitike ulendo wa ku Tete utatha. A Gina akhalepo. Iwo anatcha mlamu wawo waulesi chifukwa inu munawalola, ndiye amve kuchokera pakamwa panu kuti wolakwa anali ndani. Amayi a kutchalitchi aja nawonso amve. Dzina la akazi anu linaipa poyera, musalikonzere kuseri. Za kupeza mkazi wina wamphamvu zake sindiyankhapo zambiri. A Arminda nawonso anali amphamvu zawo pamene munkakwera lole ija. Ana auzeni zoona molingana ndi msinkhu wawo, kuti amayi awo akudwala kwambiri ndipo sanawathawe, ndipo Loweruka lililonse lomwe mungathe apite akawaone.

Komabe mlandu wonse si wanu nokha, ndipo izi ndikunenera ena amene akuwerenga. Dotolo woyamba uja anagoneka mwamuna pabedi, mkazi anamulozera mpando. Anaona mayi akuyankhula nthawi yaitali, womasulira n'kutulutsa timawu towerengeka, iye osadabwa. Funso lake lotsatira linali la kumwezi. Amene anabwera pambuyo pake anapeza yankho lolembedwa kale ndipo anakhutira nalo. Palibe anafunsa kuti ululu wa kumwezi wotani wosatha mwezi wonse, chaka ndi chaka. Pamakalata amene ndimalandira, nkhani yotere siyachilendo. Mwamuna akati msana, timati ntchito yam'pweteka, tiyeni naye kuchipatala. Mkazi akati msana, mutu kapena chinena, timati ndi zachizimayi, ndi maganizo, ndi nsanje, ndi ulesi. Akalira timati akuwonjeza. Akapirira timati onani, si uyu akusinja. Ndiye kaya achite chotani kuti timukhulupirire. Inu a chipatala, muyang'aneni wodwalayo, mufunseni yekha, ndipo womasulira akafupikitsa mufunseni kuti zina zija amati chiyani. Inu amayi amene mwakhala ndi ululu miyezi ndi zaka, kutha kwa mapiritsi a masiku atatu si kutha kwa nkhani. Bwereraniko, pemphani kuti akuyezeni thupi, pemphani akuwerengereni zomwe alemba pakartawu kanu, ndipo mutenge mnzanu amene sangachite manyazi kutchula zomwe inu mwatchula.

Mwandipempha kuti ndikuuzeni zoona za mwendo. Sindikudziwa, ndipo aliyense amene angakulonjezeni asanawayeze akukunamizani. Mitsempha ikapanikizika nthawi yaitali, si nthawi zonse pomwe imabwerera mwakale. N'kutheka kuti madotolo angoteteza zomwe zatsala, kuchepetsa ululu, ndi kuwaphunzitsa mayendedwe ndi makhalidwe osautsa msana. Zimenezonso n'zazikulu kwa munthu amene wakhala zaka zonsezi popanda womuthandiza. N'kuthekanso kuti makina ojambula mafupa sadzaonetsa chilichonse. Zikatero musayerekeze kukhazika mtima pansi n'kunena kuti si izi, palibe kanthu. Makina aja amaona mafupa, ululu sauona. Pali anthu ambiri amene amakhala ndi ululu weniweni moyo wawo wonse chithunzi chili choyera. Dotolo akadzati ndi maganizo, mayi wowaperekeza uja afunse mwaulemu kuti nanga phazi losamva singano ndi mkodzowu zikuchokera kuti, ndipo apemphe kuonana ndi dotolo wamkulu. Kodi munachedwetsa? Inde, munachedwetsa. Akanayezedwa tsiku lomwe munayezedwa inu, mwina lero bwenzi tikukamba zina. Zimenezi muzisenza, ndilibe mawu oti ndikupeputsireni.

Chenjezo langa ndi ili. Musachite zonsezi ngati malonda, kuti ndikawafikitsa ku Tete ndiye abwerera kunyumba. Chipatala ndi choyenera chawo, kaya banja lipitirira kaya latha. Akadzabwerera, dziwani kuti mukulandira munthu amene mwina sadzasenzanso ndowa kapena kugwira musi, amene masiku ena adzalephera kudzuka ndipo sadzafunika kupereka umboni kwa inu kapena kwa achemwali anu. Ngati mukudziwa kuti simungapirire zimenezo, musawavutitse ndi ankhoswe. Ndipo n'kutheka kuti mudzachita zonse bwinobwino, mudzapepesa pamaso pa anthu, iwo n'kukukhululukirani, komabe n'kusankha kukhala ku Zóbuè. Zikadzatero musadzayende m'Moatize mukuuza anthu kuti mkazi uja ndi wosayamika. Mudzapitirize kutumiza ana, mudzapitirize kuwaperekeza kuchipatala tsiku lililonse lomwe alemberedwa, ndipo anthu akadzakufunsani kuti akazi anu ali kuti, mudzayankhe kuti ali kwawo, akudwala msana, ndipo amene anawachedwetsa kuchipatala ndinu.

Aphungu